Likongwe ndi Zida za Malemu Chiuli

Padangokhala. Mwati tili tonse? Eya, khalani bwino, inu akumbuyoko musiye kukankhana.

Kalekale, nyama zikadakwatirana mosayang'ana ubweya, kudali Likongwe. Ameneyu manja ake adali osalala ngati a khanda, koma pakamwa, abale inu, padali pakuthwa. Atapita kukafunsira mbeta kumudzi kwa a Ntchenzi, eni mudzi adamufunsa kuti, "Nanga kwanuko mumagwira ntchito yanji?"

Iye osaphethira n'komwe. "Ndine mmisiri. Kusema, kusula, zonsezo ndimachita nditatsinzina."

Bodza lamkunkhuniza! Chibadwire Likongwe adali asanasemepo ngakhale mthiko. Kungoti adaona kuti pakhomopo akulira mmisiri. Mwini khomo, Chiuli, yemwe ankasema mitondo ndi kusula makasu a dera lonselo, adali atamwalira, kusiya mkazi wake, a Nazimbiri, ndi mwana wamkazi dzina lake Nangondo. Nangondoyo ndiye adamusoŵetsa tulo Likongwe. Pamenepo pokha sadaname, ankamukonda ndi mtima wonse.

Ukwati udachitika, Likongwe n'kukhala pachikamwini. Ntchito yake idali kuwothera dzuŵa ndi kuseketsa mkazi wake, mpaka mkaziyo adatenga pakati. Za kusema, zii.

Tsono mwambo mukuudziŵa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, salankhulana, sapatsana kanthu pamanja. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Likongwe ankaukonda mwambo umenewu kuposa miyambo yonse, chifukwa a Nazimbiri sakadatha kumufunsa kuti mtondo watsopano uli kuti.

Koma a Ntchenzi, mlongo wawo wa a Nazimbiri, mwini mbumba, mwambo sunkawamanga pakamwa. Komanso iwowa adali ndi mnzawo, Njiri, wa minda ikuluikulu, yemwe ankamufuna Nangondo kuyambira kale ndipo sankabwera chimanjamanja, nthaŵi zonse ndi chipanda cha moŵa. Ndiye tsiku lina m'maŵa a Ntchenzi adabwera atasenza chithumba chachikopa, n'kuchiponya pamapazi a Likongwe, khwethe!

"Akamwini, dzukani. Thumba ili mukuliona?"

"Ndikuliona, malume."

"Muli zida za malemu alamu anga. Ndizitulutsa chimodzichimodzi. Chilichonse mundionetse ntchito yake dzuŵa lisanaloŵe. Mukangolephera chimodzi, mupinde mphasa yanu muzipita kwanu. Mwana wathu mumusiye pompano, amuna enieni alipo."

Likongwe adayasamula. "Ndi zomwezi basi, malume? Ine ndimayesa mwandidzutsira nkhani yaikulu."

Pakamwa padatero, koma maso sadachoke pathumba lija.

A Ntchenzi adapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa chida choyamba. Chidali ngati kakhasu, kampini kakafupi, chitsulo chake chopindikira mkati, chakuthwa ngati lumo. Adamusiyira n'kumapita.

Musaseke, inu amene mwachizindikira kale. Masiku amenewo zida zotere zinkapezeka ndi mmisiri yekha, ndipo Chiuli ankagwira ntchito yake mkati mwa mpanda. Likongwe adachitembenuza uku, kuchitembenuza uko, kuchinunkhiza, osatolapo kanthu. Adaloŵa m'nyumba.

"Nangondo, bambo ako ichi ankachita nacho chiyani?"

Mkaziyo adamuyang'ana n'kupukusa mutu. "Mmisiri kufunsa ine?"

"Ndikungokuyesa."

"Musandiyese, bambo. Manja anuwo ndidawaona tsiku loyamba lomwe, ndidangokhala chete chifukwa ndinkakufunani. Koma chidachi sindichidziŵa. Mumpanda muja bambo sankalola mwana, ati tingadziteme. Ankaloŵamo ndi amayi okha."

"Ndiye pita ukawafunse."

"Malume atiletsa tonse. Ati ndikangowafunsa, mlandu watha, mwagwa." Adagwira pamimba pake. "Mwanayu abadwe inu mutathamangitsidwa?"

Likongwe adatuluka n'kukhala pakhonde. Amene akudziŵa ndi apongozi, ndipo apongozi salankhula ndi mkamwini. Ali chiganizire, adamva munsi ukulira kuseri kwa nkhokwe, thi, thi, thi. A Nazimbiri ankasinja, ndipo iwowa sankasinja duu. Chilichonse chowaŵaŵa mumtima ankachiika m'nyimbo ya pamtondo: nkhuku ya mnansi yowadyera mphale, mvula yochedwa, mlongo wawo wokonda moŵa wa eni. Pamtondo palibe amene amamutseka mkazi pakamwa.

Likongwe adamwetulira mpaka mano onse poyera.

Adanyamula chida chija n'kupita pakadimba ka mbatata kamene kadali pafupi ndi mtondo. Adafulatira apongozi ake mwaulemu, monga mkamwini woleredwa bwino, n'kuyamba kukumba mbatata. Ndipo sankakumba pofeŵa ayi, ankasankha pamiyala. Ngwe! Ngwe! Moto thethethe.

Munsi udaima. Kenaka udayambanso mwaukali, nyimbo n'kutuluka. Idayamba ndi kuitana Chiuli potchula dzina lake, kumufunsa ngati akuona kumene wagonako. Idadandaula kuti kasemasema wake, amene ankapala mtengo pang'onopang'ono motsata mitsempha yake, amene ankasema mipini ndi kugoba mitondo, lero wasanduka khasu la mbatata. Ndipo pothera pake, pamene munsi umagunda kolimba, inkabwerezabwereza kulira kuti imfa idatenga mwamuna wamanja n'kusiya pakhomo mwamuna wapakamwa.

Kutukwanidwako Likongwe sadakumve n'komwe. Iye adatolapo zake: kasemasema, mipini, motsata mitsempha. Adapukuta dothi, n'kuthamangira kutchire, n'kudula nthambi. Adadzitema chala, adatukwana, adayambiranso. Dzuŵa likupendeka adafika kwa a Ntchenzi.

"Malume, uyu ndi kasemasema. Ntchito yake nayi."

A Ntchenzi adautembenuza mpiniwo. "Wokhota ngati mwendo wa galu."

"Dala, malume. Umenewu ndi wolimira pamtsetse. Wowongoka amasema aliyense."

"Nanga mbatata zija?"

"Ndimachotsa dzimbiri. Amisiri timatero."

A Ntchenzi adatsonya, koma mpini udalidi mpini.

M'maŵa mwake adatulutsa chida china. Ichi ndiye chidalibe ndi mpini womwe. Chidali chitsulo chachitali, chaphanthiphanthi, chokhakhala mbali zonse ngati lilime la ng'ombe.

"Aaa, ichi!" adatero Likongwe. "Ndidachisoŵa bwanji ichi."

A Ntchenzi atangopota ngodya, iye adatunga madzi m'phale, n'kukakhala pamalo ake aja, msana kwa apongozi. Adaviika chitsulocho m'madzi, chubwi, n'kuyamba kukwecha nacho zidendene. Akwecha, aviika, akwecha, aviika, uku akuusa moyo ngati munthu amene wapeza mtendere. Atatha mapazi adayamba kukanda nacho msana.

Kalanga ine, a Nazimbiri! Munsi udachita kudumpha m'manja. Nyimbo idaitananso Chiuli, kumufunsa ngati akuona. Idalira kuti tupa yake, imene madzi sankaikhudza kuopa dzimbiri, imene inkadzutsa nkhwangwa zobuntha ndi makasu otha mano, imene ankaikankha chopita kutsogolo kokha osabwerera nayo, lero ikutsuka litsiro la kumapazi. Pothera pake idabwerera pomwe paja, pa mwamuna wamanja amene adapita ndi wapakamwa amene adatsala.

Likongwe adaipukuta tupa ija ndi mchira wake mpaka gwa, n'kukatenga nkhwangwa ya a Ntchenzi imene idali yobuntha moti ukadatha kuikhalira. Adakankha chopita kutsogolo, kwee, kwee, kwee, tsiku lonse.

"Malume, iyi ndi tupa. Tayesani nkhwangwa yanu."

A Ntchenzi adayendetsa chala pamano a nkhwangwayo mwachipongwe. Magazi chuu!

"Mayo ine!"

"Pepani, malume. Ndimati ndikuchenjezeni, koma ndinaopa kuphunzitsa akulu."

A Ntchenzi adayamwa chala chawo, maso ali psuu. Koma iwowa sadali opusa kwenikweni. Pobwera kumoŵa masana aja adamva mathero a nyimbo ya mlongo wawo, ndipo tsopano adalumikiza zinthu. Adangoti, "Ohoo. Tionana maŵa."

Kutacha adabwera ndi chida chachitatu, koma asanachipereke adapita kuseri kwa nkhokwe, n'kulanda munsi m'manja mwa a Nazimbiri, n'kugadabuza mtondo, n'kuukhalira, munsi uli pamiyendo.

"Lero kulibe kusinja. Chemwali, khalani apa ndizikuonani. Mukangoti muyambe kung'ung'udza, tiyambana."

"Nanga tidya chiyani, achimwene?"

"Tidya mphepo. Akamwini, nachi chida chanu. Lero woimba wanu wadwala."

Chidali chinthu chodabwitsa: matumba aŵiri achikopa, lililonse ndi kansungwi kake, nsungwizo n'kukakumana m'kamphika kadothi koboola. Likongwe adachiyang'ana, n'kuyang'ana kumene kudakhala apongozi ake, kukamwa kuli tseke. Adayang'ana a Ntchenzi atakhala pamtondo, chifuwa chili nganganga ngati tambala. Pamenepo adakumbukira kuti mkuluyu akaledzera amakonda kudzitama kuti iye ndi malemu Chiuli adali ngati chala ndi chikhadabo pantchito.

Nthaŵi yomweyo amayi a m'mudzimo ankadutsa ndi mitsuko kupita kuchitsime. Likongwe adakoleka matumba aja paphewa n'kuloŵa pamzere wawo.

"Kodi alamu, zimenezo n'zachiyani?" adafunsa mmodzi.

"Izi? Zotungira madzi," adayankha mokweza kuti amve ndi akumtondo. "Andiuza ndi malume a Ntchenzi. Ati pa nthaŵi ya malemu, iwo ntchito yawo idali yomweyi, kutungira a Chiuli madzi osamba. Ati china chilichonse sankawalola kugwira, poti manja awo ngolemera."

Amayi aja adaphulika nako kuseka. Likongwe sadalekere pomwepo. Adayamba kuimba yekha, pamaimbidwe omwe aja a apongozi ake, kuitana Chiuli kuti aone mlamu wake wokhulupirika, mtunga madzi wamkulu, amene matumba ake alira kusoŵa mwini. Amayi aja adavomereza nyimboyo ndi m'manja momwe.

A Ntchenzi adayesa kupirira. Ndevu zidanjenjemera. Khosi lidatupa. Likongwe atafika pomati aviike matumbawo m'mtsuko wa mayi wina, mkulu uja adadzambatuka, munsi uko!

"Bodza! Ine kutunga madzi? Chitsiru iwe, umenewo ndi mvukuto! Wokolezera moto wa pachipala! Ine ndemwe ndinkavukuta, dzanja ili kukwera ili kutsika, kamphikako kali m'makala, mpaka chitsulo kufiira kuti psuu! Afunseni chemwali anga ngati ndikunama!"

A Nazimbiri adaphimba kukamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka.

Likongwe adagwada n'kuomba m'manja mwaulemu. "Zikomo, malume. Ndimafuna ndione ngati mukukumbukirabe."

Madzulo ake moto wa pachipala udalilima koyamba chimwalirire Chiuli, ndipo khasu lopindika la Nangondo lidawongoka. Kuwongoka kwake kudali kwa apo ndi apo, komabe lidawongoka.

Tsopano Likongwe adayamba kuyenda ngati mwini mudzi. Adauza mkazi wake kuti thumba latsala pang'ono kutha, ndipo Njiri akafune mkazi kwa anjiri anzake.

Tsiku lotsatira a Ntchenzi adabwera nkhope ili yakugwa. Dzulo lake pakhomopo sadadye kanthu poti ufa padalibe, ndipo amene adalira njala kwambiri adali iwo omwe. Munsi adaubweza, n'kungochenjeza mlongo wawo ndi chala. Kenaka adakutumula thumba lija mozondotsa. Mudagwa kanthu kamodzi kokha, kokulungidwa m'kansanza.

Kadali kachitsulo kakang'ono, kosaposa chala, kopindidwa pakati, nsonga zake ziŵiri zopyapyala zokumana ngati mlomo wa kambalame. Kadali ndi kachingwe kokolekera m'khosi, kakuda ndi thukuta lakale.

"Aka n'kotsiriza," adatero a Ntchenzi. "Ndikuuzirenitu, ngakhale ine sindikadziŵa, ndiye pakamwa panga simubapo kanthu lero. Woweruza ndi chemwali anga. Akati mwalasa, mwakhala. Akati mwaphonya, Njiri ndamuuza kale kuti abwere madzulo ano."

"Kameneka?" Likongwe adaseka. "Konzekerani kumubweza Njiri wanuyo."

Adadziŵa kuti chala cha a Ntchenzi sichingatseke nyimbo ya apongozi ake. Adadikira munsi uyambe kulira, n'kukakhala pamalo ake, msana kwa iwo. Adakakweza m'mwamba kachitsuloko kuti kaŵale padzuŵa, n'kuyamba kuzula nako ndevu zake, uku akufuula ndi ululu wabodza.

Munsi udaima.

Likongwe adatchera khutu. Eya, ikubwera. Koma nyimbo sidabwere. Adatenga lichero n'kuyamba kutola nako anankafumbwe m'chimanga. Zii. Adapana nako khala lamoto, n'kupsa zala zenizeni. Zii. Adachita chimene mkamwini sachita: adacheuka pang'ono n'kuba diso.

A Nazimbiri adali chiimire, munsi uli m'manja, maso ali pa kachitsulo kaja. Sadakwiye ayi. Misozi inkangotsika yokha. Adatsamiritsa munsi pankhokwe, n'kuloŵera kunyumba kwawo pang'onopang'ono, akutsimphina, n'kutseka chitseko.

Apa ndiye Likongwe adachita mantha enieni. Nzeru yake yonse idali pa kukwiyitsa anthu, tsono munthu wolira umamubera bwanji mawu? Komanso manyazi adamugwira, chifukwa adaona kuti waseŵera ndi chinthu chosayenera kuseŵera nacho. Dzuŵa lidali litapendeka kale. Adathamangira kwa mkazi wake.

"Nangondo, aka udakaonapo?"

"Bambo ankakavala m'khosi masiku onse. Koma kukagwiritsa ntchito, sindidaonepo."

"Mumpanda sankakasiya pamodzi ndi zinzake?"

"Ayi. Ndi kumunda komwe ankapita nako."

"Kumbukira bwino, mkazi wanga. Chilichonse, ngakhale chopanda mutu."

Nangondo adaganiza. "Palibe. Kungoti amayi akabwera kumunda kapena kunkhuni, bambo ankandituma kuchitsime, ngakhale mitsuko ili yodzaza. Pobwera ndinkawapeza atakhala aŵiri kuseri kwa nkhokwe, amayi akuseka. Basi."

"Nanga kutsimphinaku adayamba liti?"

"Chaka chomwe bambo adamwalira. Ndikawafunsa amati ndi ukalamba, phazi lawo salola munthu kuligwira."

Likongwe adatuluka n'kupita pamtondo paja. Apongozi sungawayang'ane kumaso, koma mapazi awo pafumbi mwambo suletsa. Adaŵerama. Phazi lamanja lidadinda lonse bwinobwino. Lamanzere lidadinda zala zokha, chidendene osagunda pansi. Adayang'ana kachitsulo kaja, n'kukatsina, timilomo take n'kukumana, n'kukasiya, n'kutseguka. Adadzuka n'kuloŵera kutchire kukadula nthambi ya mthethe.

Dzuŵa litafiira, anthu adasonkhana pabwalo. Njiri adafika atadzola mafuta mpaka m'makutu, chipanda chili m'manja. A Nazimbiri adakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, kumene akadamva osaonana ndi mkamwini.

"Akamwini, nthaŵi yatha," adatero a Ntchenzi. "Mphasa mwapinda?"

Likongwe adatulutsa nthambi ya mthethe imene adabwera nayo, ya minga yoyera italiitali, n'kuiika pansi pakati pa bwalo. Adaiyang'ana kaye. Paja ameneyu adali munthu woopa ululu kuposa mwana. Adatsinzina, n'kupondapo ndi mphamvu.

"Mayooo!"

Kulira kumeneko kudalibe bodza. Anthu adadzidzimuka, Njiri n'kuseka mpaka moŵa kutayika. Likongwe adakhala pansi, n'kukweza phazi kuti onse aone. Munga udathyokera mkati, kunja kutangotsala kansonga kosagwirika ndi zala. Adavula kachitsulo kaja m'khosi, n'kupana kansongako, n'kukoka pang'onopang'ono. Munga wonse udatuluka, sololo.

"Malume, aka n'kambaniro kozulira minga. A Chiuli sadakasulire malonda, n'chifukwa chake inu simukadziŵa. Adakasulira phazi la munthu mmodzi."

Adakatsuka ndi madzi, n'kukapereka kwa mkazi wake ndi manja aŵiri, nkhope atayang'ana kumbali.

"Ine sindingafike kumene kuli amayi. Pita ndiwe. Chidendene chamanzere."

Nangondo adazungulira mpanda. Kudamveka kukana, kenaka kunong'onezana, kenaka bata. Mwadzidzidzi kudamveka kubuula kumodzi kwakukulu. Nangondo adatulukira akulira, atanyamula pachikhatho munga wakuda bii, umene udakhala m'phazi la amayi ake chiikire maliro a bambo ake.

A Ntchenzi adauyang'ana mungawo, n'kuyang'ana pansi. Mlongo wawo yemwe, mbumba yawo yomwe, kutsimphina nthaŵi yonseyi iwo ali kalikiliki ndi zipanda za Njiri. Adafunsa ndi mawu otsika, "Chemwali, walasa kapena waphonya?"

Kuseri kwa mpanda kudatuluka mawu a a Nazimbiri. Sadalankhule ndi mkamwini, adalankhula ndi mlongo wawo, koma mokweza bwino.

"Achimwene, mkamwini wanuyu ndi wabodza. Kasemasema adamugwira chozondoka, tupa adainyowetsa, mpini wake ngakhale mfiti singakwere. Ndidamuona kuyambira tsiku loyamba. Koma inu mwakhala nane chibadwire, ndipo simudayang'anepo pamene ndaponda. Thumba lonse mumupatse, aphunzira. Mlendo wanuyo mumuperekeze kusanade."

Njiri sadadikire kuperekezedwa. Adanyamuka mchira uli m'mwamba, ndi chipanda chomwe adachiiwala.

"Nanga kachitsuloka, amayi?" adafunsa Nangondo. "Ndikusungireni?"

"Ayi. Mwini wake adapita, ndipo ine ndakalira mokwana. Kamuveke mwamuna wako m'khosi. Nawenso uli ndi mapazi."

M'maŵa mwake munsi udalira kuseri kwa nkhokwe, ndipo wosinjayo adaima ndi mapazi onse aŵiri. Nyimbo idali yomwe ija, yoitana Chiuli kuti aone. Idamuuza za mpini wokhota, idamuuza za mlamu wake wotunga madzi, anthu n'kumaseka m'nyumba zawo. Koma itafika pothera paja, pa mwamuna wapakamwa amene adatsala, idasintha. Idati wapakamwayo ali ndi maso.

Likongwe adaimva ali mumpanda, kasemasema ali m'manja, akulimbana ndi chipika choti chikhale mtondo. Adangopitiriza kusema.

Mwana adabadwa bambo ake ali pakhomo. Atakula pang'ono, nayenso adayamba kudabwa kuti n'chifukwa chiyani amayi ake akangobwera kumunda, iye amatumidwa kuchitsime mitsuko ili yodzaza.

Ndipo mpaka lero mukaona likongwe akudutsa njira chothamanga, mutu uli pansi, osakuyang'anani, musati wakuopani inu. Akuyesa ndi apongozi ake akubwera, komanso akuyang'ana minga.

Yanga yathera pamenepa. Amene waponda munga pobwera, akweze phazi tione.